Timapiritsi ta Alamu Anga

Alamu anga, akulu awo a bambo a kunyumba, anakolopapo pachipatala china mumzinda miyezi yochepa chabe, zipani zambiri zitangoyamba kumene. Anabwerako ndi jekete loyera, ndipo mudzi wathu wonse kuno ku Nsaru unayamba kuwatchula adokotala. Anthu athu amakonda kugwadira fano limene aumba okha.

Chaka china, tili mkati mosankha fodya, bambo a kunyumba anatupa chala chachikulu cha kuphazi. Chinafiira n'kumatentha, moti chitenje chikangochikhudza ankabuula. Anali kale pa mankhwala a mtima ochokera kuchipatala cha mishoni, choncho ndinati tipite komweko. Alamu anandiseka. Anatulutsa kabotolo ka timapiritsi timene anawapatsa kapitawo wina wa pa esiteti ku Kasiya, yemwenso ankavutika ndi chala. Anati m'bale wawo azimeza tiwiri, pakapita kanthawi tiwiri tinanso, mpaka m'mimba mutseguke. Kwathu timati munthu akatsegula m'mimba atamwa mankhwala ndiye kuti matenda akutuluka. Nanenso ndinakulira m'chikhulupiriro chimenecho, n'chifukwa chake ndinatunga madzi omwera ndi manja angawa.

Tsiku lachiwiri masana bambo a kunyumba anali atatheratu, kusanza ndi kutsegula komwe. Alamu anakhala pakhonde akukondwa ngati munthu amene wakolola zambiri. Ine ndinaika khutu pachifuwa cha amuna anga. Mtima unkathamanga, n'kuima, n'kudumphanso kawiri, ngati ng'ombe yotsimphina pagoli. Nditawauza alamu, anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Mlamu, za mankhwala munaziphunzira kuti inu? Pitani mukapemphere kolona, izi tisiyireni ife."

"Ndapemphera kale, alamu. Tsopano ndikukamanga ng'ombe."

Ngolo inatifikitsa pamsewu, galimoto ya matola n'kutitula kuchipatala. Dokotala wake anali mayi wamng'ono msinkhu, wosalankhulalankhula. Ataona kabotolo kaja anafunsa kuti amuna anga ameza timapiritsi tingati, ndipo ndinamuuza. Atawagoneka ndi kuwaika madzi a m'mitsempha, anandifotokozera m'njira yoti mlimi wa fodya amve. Anati thupi linamangidwa ndi tizipinda tosaoneka ndi maso, ndipo kachipinda kalikonse kali ndi timitengo take tokachirikiza, monga chigafa chimaimira pa nsanamira. Mapiritsi aja ndi enieni, amathetsa ululu wa chala pomasula timitengo m'tizipinda toyambitsa kutupa. Koma akachuluka amamasula paliponse, m'matumbo ngakhale mumnofu wa mtima, ndipo mtima umasokoneza kagundidwe kake, makamaka wodwala kale. Kutsegula m'mimba kuja sikunali kuchira ayi, linali thupi likuchenjeza kuti lekani.

Ndinatuluka panja. Mulungu anatiluka modabwitsa chotero m'mimba mwa amayi athu, mpaka kuika nsanamira pamene diso silifika, ndiye munthu wa chikolopa abwere kudzazula chifukwa ali ndi jekete.

Amuna anga anachira, Ambuye alemekezeke, koma mtima wawo sunabwererenso mwakale. Belo la fodya sanyamula, ndipo akapalasa njinga pamtunda amaima kawiri katatu. Alamu mpaka lero amauza anthu pa Msundwe kuti chala cha mng'ono wawo anachiza ndi iwo. Chala chinapoladi, zimenezo sindikana.

Nkhaniyi ndapita nayo kolapa kangapo. Lamulungu lililonse alamu amakhala pabenchi la kutsogolo kwathu kutchalitchi, ndipo nthawi yopatsana mtendere ndimawapatsa dzanja, poti ndinalamulidwa kutero. Koma akabwera kudzazonda m'bale wawo, ndimasiya ntchito iliyonse n'kukhala pomwepo mpaka atatsanzika.