A Kawaya ndi Modemu ya Mwana Wawo

Ena akamakula amawonjezera nzeru, koma a Kawaya anangowonjezera mimba ndi makani. Dzinali anawapatsa ndi makasitomala awo omwe, chifukwa chilichonse chimene unkawapititsira, kaya wailesi, kaya ayironi, chinkabwerako chili ndi kawaya kopiringizidwa penapake m'kati mwake. Shopu yawo inali kachipinda kopanikizika pakati pa ometa tsitsi ndi osoka nsapato, kodzaza mitembo ya mawailesi amene eni ake anatopa kuwalondola. Pakhoma pankalendewera mita yoyezera magetsi, itachita kutuwa ndi fumbi. Iwo ankati mita ndi ya anthu opanda mphuno.

Njira yawo yokonzera zinthu inali imodzi basi. Chipangizo chikamapsereza fyuzi, kachipangizo kaja kamene kamaduka kuti moto wambiri usalowe, iwo ankachotsa fyuziyo, n'kulumikiza malowo ndi waya wakopa, n'kuyatsa. Kenako ankapinda manja pamimba, kudikira utsi. Pamene pafuke, ndiye pali vuto. M'mawailesi akale aja, a zipangizo zonenepa ngati chala chachikulu, nthawi zina zinkathekadi. Zikakanika ankanamizira magetsi, kapena mwini wailesi kuti anaigwetsa koma akubisa.

Mwana wawo wachisamba, mtsikana wosalankhulalankhula, ankaphunzira zamagetsi ku koleji. Chaka chomaliza aliyense ankayenera kupanga chipangizo chakechake n'kukachiyatsa pamaso pa aphunzitsi. Chikapanda kugwira ntchito, kubwereza chaka, palibenso zokambirana. Iye anapanga modemu, kabokosi kolumikiza kompyuta ku intaneti. Njira za moto anajambula yekha, bolodi lobiriwira lomatapo zipangizo anakalidinditsa kutali, ndipo chipi chachikulu, chomwe ndi ubongo wa modemu yonse, anachidikira miyezi. Chinabwera chimodzi chokha, kanthu kakang'ono ngati chikhadabo.

Atamaliza kuwotcherera, anayatsa bolodilo patebulo la pabalaza. Kagetsi kobiriwira kanangoti phethi, fyuzi n'kuduka. Anaikapo ina, nayonso inaduka. Mtsikanayo sanapupulume ayi. Anazula pulagi, n'kutenga mita yake, n'kuyamba kuyeza kachipangizo kamodzikamodzi, mlomo ataluma.

A Kawaya ankazungulira tebulolo ngati mphaka wanunkhiza nyama. Zinkawawawa zedi. M'nyumba mwawomwawo, mwana amene anamunyamulapo ali wamamina, akulimbana ndi za magetsi osawafunsa n'komwe! Sikuti ankamufunira zoipa, ayi. Koma ankafuna kuti modemuyo ikayaka, iyake chifukwa cha iwo, kuti mawa akhale ndi chokamba kwa ometa tsitsi. Nsanje ya bambo pa mwana wake yemwe ndi yonyansa kuyang'ana.

"Iwe, tabwera nacho kuno ndikuonetse," anatero. "Ukhala ukugwiragwira mpaka liti?"

"Ayi ababa, chonde musakhudze. Penapake pagundana. Fyuziyi ndi imene ikuteteza chipi. Ndikabwereke galasi lokuzira zinthu kwa mnzanga, mwina mtovu wowotcherera wagwirana patimiyendo ta zipangizozi."

"Galasi! Ha, anthu a sukulu inu. Ine ndinayamba kukonza mawailesi iwe usanabadwe."

"Ndikudziwa ababa. Koma iyi si wailesi."

Mawu amenewo anawalowa mpaka m'mafupa. Mtsikanayo anavindikira bolodi ndi kansalu, n'kutuluka. Amayi ake anali kuseri, akuchapa. A Kawaya anasuzumira pazenera mpaka mwanayo atakhota pa ngodya, kenako anapisa dzanja m'thumba la malaya. Munthu wamkulu, wa imvi zake, kuchita kunyang'ama m'nyumba yake yomwe! Anazula fyuzi, n'kupiringiza kawaya kawo bwinobwino, n'kubaya pulagi. Ndiye n'kupinda manja pamimba paja.

Utsi sunachedwe. Unayamba pakona, pamene kadontho ka mtovu kanalumikiza timiyendo tiwiri tosayenera kukhudzana. A Kawaya anaseka okha. Koma moto sunaime pamenepo monga unkachitira m'mawailesi awo. Unathamanga m'tinjira tonse tija, topyapyala ngati tsitsi, mpaka chipi chinangoti phu, n'kung'ambika pakati. Pabalaza ponse panadzaza fungo la pulasitiki wopsa.

Mtsikana uja analimva fungolo ali pakhomo. Analowa galasi lili m'manja, n'kuima.

"Ndalipeza!" anatero a Kawaya, akuloza ndi sikuludiraiva. "Si apa? Mtovu wako womwe. Iwe ukanatha sabata yonse ndi kamita kakoko."

Mwanayo anawerama, n'kuyang'ana chipi chija pagalasi nthawi yaitali. Sanalire. Amayi ake ndi amene analira, atatsamira chitseko, thovu la sopo likadali m'manja.

"Ichi n'chogula chabe," anapitiriza bambowo, mawu atayamba kuchepa. "Tipeza china."

"Kuti, ababa? Mayeso ndi mkuja."

Anapita nalo bolodilo lili lopsa choncho. Aphunzitsi analitembenuza uku ndi uku, anamumvera chisoni, koma anamuuza kuti adzaonane chaka chamawa. Anzake anavala mikanjo ya omaliza maphunziro, iye ali kunyumba. Ndipo a Kawaya? Manyazi alibe m'maso munthu ameneyu. Kwa ometa tsitsi ankafotokoza ali gadaa pabenchi, kuti za ku kolejizi n'zofewa, sizipirira moto, koma vuto analipeza iwo, kamodzi n'kamodzi.

Chipi chatsopano chitafika, mtsikanayo anasamutsira zonse kuchipinda kwake. Madzulo ake a Kawaya pobwera ku shopu anamupeza atagwada, akukhomerera loko pachitseko.

"Iwe, loko wa chiyani m'nyumba muno? Tinaberedwapo ife?"

Mwanayo anamanga sikulu yomaliza, n'kuyesa kiyi, n'kumuika m'thumba.

"Si wa akuba, ababa."