Chala cha a Pakrashi

A Haradhan Pakrashi analembedwa ntchito yotaipa makalata pa kampani ina yogulitsa masamba a tiyi ku Calcutta, koma chimene chinawatchukitsa ndi chala chimodzi basi.

Mu 1993 bwana wawo, a Ghoshal, anagula laputopu yolemera ngati mphero, yoti masana aliwonse izitumiza mndandanda wa tiyi kwa ogula a ku London kudzera pa foni. Modemu, ija yolumikizira kompyuta ndi foni, ankailumikiza pa kabowo ka kumbuyo kwa laputopuyo, ndipo kabowoko kanali kaulesi kotheratu. Ukakafulumizitsa kankameza zilembo, moti tsiku lina dzina la tiyi linafika loperewera zilembo, a ku London n'kufunsa kuti "Dajling" ndi tiyi wa kuti. Anakasiya kuti kaziyenda mwa pang'onopang'ono, mphindi makumi anayi mndandanda umodzi. Vuto linali lakuti laputopuyo ikakhala mphindi zitatu osakhudzidwa inkagona pofuna kusunga batire, kabowo nako n'kugona, foni n'kuduka.

Katswiri wina anati pali posinthira kuti isamagone, koma buku la malangizo a laputopuyo linali la Chijapanizi. Ndiye a Ghoshal anaitana a Pakrashi n'kuwauza kuti azikhala pamenepo, azidina batani limodzi mphindi ziwiri zilizonse.

Anadina zaka zisanu ndi ziwiri. Ikakwana 12 koloko ankasiya kumwa tiyi kuopa kutuluka panja ntchito ili mkati. Pa tsiku la Vishwakarma, mulungu wa amisiri, pamene makina onse amavekedwa maluwa, wansembe ankadalitsa laputopu, kenako chalacho. Akazi awo ankauza aliyense kuti bambo ali m'makompyuta, ndipo mwana wawo wamkazi anapeza banja labwino chifukwa cha mbiri imeneyi.

Kenako kunabwera laputopu yatsopano, yopyapyala, a Pakrashi atatsala ndi zaka ziwiri kuti apume. Palibe anafunsa ngati iyinso imagona. Iwo ankangodinabe, koma mtima uli m'mwamba, chifukwa kutaipa makalata anali ataiwala kalekale.

Tsiku lina kukutentha, atadya mpunga wa nsomba mopitiriza muyeso, anawodzera. Podzidzimuka theka la ola linali litadutsa, ndipo mndandanda unkapita bwinobwino, utatsala pang'ono kutha, popanda chala cha munthu. Zinawapweteka kwambiri. Anayang'ana uku ndi uku, anapisa dzanja kumbuyo kwa makinawo, n'kuzula chingwe. Kenako anakagogoda kwa bwana.

"Bwana, ndinagona. Foni yaduka."

A Ghoshal anakalipa mpaka a m'maofesi oyandikana anasuzumira. "Haradhan-babu, munthu wamkulu ngati inu, imvi mbuu, kugona pa ntchito? Kodi mukudziwa kuti popanda inu kampani ino singatumize ngakhale tsamba limodzi?"

"Bwerezaninso, bwana," anatero a Pakrashi, mutu uli pansi. "Kuti ndimvetsetse."