Thumba la Ufa Lopanda Ufa

Kwathu njinga siyenda chabe. Imapita ndi chimanga kuchigayo, imatenga wodwala kupita naye kuchipatala, tsiku la msika imabereka mbuzi yomangidwa miyendo. Munthu akakuona ukupalasa pakaliyala pali mbee amakufunsa kumene ukupita, ndipo ukayankha kuti kulibe, pofika madzulo amayi ako amakhala atamva kuti mwana wawo wayamba kuyendayenda. Ndinakula ndi nzeru imeneyo, ndipo ndinakwera nayo ndege.

Mliri unandipeza nditangokhala miyezi yochepa kwa amalume anga ku Thamesmead, mumzinda wa Landani. Sukulu yomwe ndinabwerera inatsekedwa, tinkaphunzira pakompyuta. Amalume ankayendetsa basi, choncho iwo ankapitabe kuntchito, ine n'kumatsala ndekha m'fulati. Malamulo a lokidauni ndinawalemba kuchikuto kwa kope langa. Osachezera munthu. Osayandikana. Kutuluka pokagula chakudya, kapena pokalimbitsa thupi kamodzi patsiku, wapansi kaya panjinga. Amalume anali atandichenjeza kuti munthu wokhala ndi mapepala a sukulu asadziwike ndi apolisi ngakhale pa kanthu kochepa, ndiye ndinaona kuti chanzeru n'kusatuluka n'komwe. Ndinakhala m'nyumba masabata awiri.

"Iwe ukufuna kumera mizu pampandopo?" amalume anandifunsa tsiku lina. Anali atatulutsa njinga yawo yakale, ataipopa. "Boma lenilenilo lakuloleza. Pita ukapalase."

"Ndipite kuti, amalume?"

"Kulikonse. Ukazungulire, ubwere."

"Ndikatengeko chiyani?"

"Thukuta."

Ndinapita chifukwa anandituma. Ndinatsata kanjira ka m'mbali mwa mtsinje, komwe anthu ankadutsa liwiro panjinga zopyapyala, atavala zothina ngati akupita kukasambira. Palibe amene anandiyang'ana, koma ine ndinkamva ngati ndatuluka osavala malaya. Mwamuna wathunthu, dzuwa lili pamutu, njinga yopanda kanthu. Ndikakumana ndi munthu ndinkakwinya nkhope ndi kuyang'ana kutsogolo, kuti aganize kuti ndikuthamangira kumaliro. Sindinachedwe kubwerera.

M'mawa mwake ndinapeza njira. Kukhitchini kunali thumba lomwe ufa wake unatha kale. Kuseri kwa sofa kunali zitsulo ziwiri zonyamula polimbitsa thupi, zomwe amalume anagula lokidauni itangoyamba, akunena kuti mimba yawo iona zakuda. Bokosi lake linali lisanatsegulidwe. Ndinazikulunga m'bulangete lakale, ndinaziika m'thumba muja, n'kumanga pakaliyala ndi mphira yomwe ndinadula kuchubu chophulika. Ndinabwerera m'mbuyo pang'ono kuti ndione. Inaoneka njinga ya munthu wolongosoka. Tsiku limenelo ndinapalasa mtima uli m'malo, ndipo ndikafika kunyumba zitsulo ndinkazibwezera kuseri kwa sofa amalume asanaweruke.

Zinayenda bwino mpaka Lachiwiri lina, pamene ndinatalikira n'kukafika kumafulati a kufupi ndi Woolwich.

"Iwe mwana wa ku Malawi. Upitirira monga suniona?"

Anali amayi ena a kutchalitchi kwathu, ochokera ku Chipata, omwe anagwira ntchito ya unesi zaka zambiri asanapume. Anali ndi matenda a shuga, choncho anauzidwa kuti asatuluke m'pang'ono pomwe. Ankakhala okha m'fulati yapansi, ndipo tsikulo anali pakhonde atafunda chitenje pamwamba pa juzi.

Kope langa linkati osachezera munthu. Koma kwathu wamkulu sumulonjera uli pachishalo. Miyendo inatsika yokha mutu usanaganize. Ndinavula chipewa, n'kunjuta kunja kwa mpanda, dzanja limodzi litagwira njinga yomwe inkafuna kugwa chifukwa cha kulemera.

"Khala pamenepo, usasendere. Amalume ako ali bwanji? Akali kuyendetsa basi?"

"Ali bwino, amayi. Akuyendetsabe."

Maso awo anachoka pa ine n'kupita pakaliyala. Nkhope yawo inawala.

"Unga," anatero, n'kuomba m'manja pang'onopang'ono. "Mulungu amamva. Wanga unasila pa Sande, manje nidya chabe buledi monga mbalame. Ni amalume ako akutuma?"

Yankho loona linalipo, ndipo silinali lalitali. Koma munthu ungauze bwanji mayi wamkulu, wanjala, kuti ukuzungulira mzinda ndi zitsulo m'thumba la ufa poopa kuti anthu osakudziwa angakuyese wopanda ntchito? Ndinayang'ana pansi. Pakamwa panga panatuluka mawu omwe ndinkayankha aphunzitsi onse kuyambira sitandade wani.

"Eya, amayi."

Analowa m'nyumba kuti ndiike thumbalo pakona ya khonde. Ndinaliika mosamala kwambiri kuti lisalire. Nditabwerera kumpanda anatuluka ndi botolo la mankhwala ophera tizilombo, n'kupopera thumbalo ali chapatali.

"Ili lizakhala apa masiku atatu. Ine ndine nesi, nidziwa. Pa Chisanu nizatsegula."

Ndinapuma pang'ono. Koma pompo anatenga foni, ine ndikumva, n'kuimbira mayi wina wa kutchalitchi yemwe ankayenera kuwabweretsera zakudya sabata imeneyo. Anamuuza kuti asavutike, akathandize ena, iwo Mulungu wawaona kale.

Pobwerera njinga inkauluka. Nditafika m'nyumba ndinaganiza zobwerera kuti ndikanene zoona. Ndinavalanso nsapato, ndinagwira chitseko, kenako ndinaona kope langa patebulo. Kamodzi patsiku. Ulendo wanga wa tsikulo unali utatha. Ndisaname, lamulo limenelo ndinalithokoza. Ndinavula nsapato n'kukhala pansi ngati nzika yomvera.

Ndinali ndi masiku awiri opezera ufa weniweni, kuti Lachisanu m'mawa ndikasinthe matumba amayi aja asanadzuke. Lachitatu ndinalunjika kusitolo ya zakudya za kwathu ku Woolwich. Koma panali funso lomwe kope langa silinayankhe. Ndikapalasa kupita kukagula chakudya, ndiye kuti ndagula chakudya kapena ndalimbitsa thupi? Nanga ndikafuna kutulukanso? Kuti ndisaononge ulendo wanga umodzi uja, njinga ndinaikankha njira yonse. Ndili pakati ndinakumbukira kuti kuyenda pansi nakonso boma linakuwerengera ngati kulimbitsa thupi. Ndinayamba kuyenda pang'onopang'ono kuti thukuta lisatuluke, popeza ndinaona kuti umboni wake ndi umenewo. Basi ina inandipitirira, ndipo ndinabisa nkhope poopa kuti woyendetsa ndi amalume.

Pasitolopo panali mzere wautali, aliyense ataima pachizindikiro chake pansi ngati ana pa asembule. Nditalowa, shelefu ya ufa inali pululu. Mwini sitolo anandiuza kuti mwina sabata yamawa, mwina ayi. Lachinayi ndinayesa masitolo ena awiri. Kwina anandionetsa ufa wa chinangwa, kwina wogulitsa anangoseka kuseri kwa masiki yake. Podutsa kufupi ndi kwa amayi aja ndinalambalala, kudzera msewu wa kuseri.

Ufa womwe ndinkadziwa m'Landani yense unali umodzi. Unali pansi pa bedi la amalume. Anaugula mashelefu asanaume, ndipo ankautulutsa Lamulungu lokha, akuyeza ndi kapu, chitseko chakuchipinda atatseka ngati akuwerenga kalata ya chibwenzi. Madzulo a Lachinayi ndinakonza mawu oti ndiwapemphe. Ndinawayeseza katatu kubafa.

Amalume anafika, anasamba m'manja nthawi yaitali monga mwa masiku onse, n'kukhala pasofa osayatsa wailesi ya kanema.

"Tabwera kuno," anatero. "Lero andiimbira amayi a ku Chipata aja. Akuti ndine munthu wa Mulungu. Akuti m'nthawi ya njala ndawakumbukira, ndawatumizira ufa. Ndayang'ana pansi pa bedi, ufa wanga ulipo. Ndiye tandiuza, mwana wa mlongo wanga, ine ndatumiza chiyani?"

Mawu onse a kubafa aja anathawa. Ndinagwada pambali pa tebulo n'kufotokoza kuyambira pachiyambi. Amalume anamvetsera osaphethira. Nditamaliza anatembenuka n'kusuzumira kuseri kwa sofa.

"Zitsulo zanga," anatero motsitsa mawu. "Ndimafuna kuyamba Lolemba."

Kenako anatembenukira kwa ine.

"Iwe, anthu kuno amalipira kuti apalase njinga yosayenda n'komwe, yokhomerera pansi m'chipinda. Ndani amakufunsa za katundu?"

"Palibe, amalume."

"Ndiye?"

"Ndimangomva manyazi."

Anagwira kumutu. Kenako mapewa awo anayamba kugwedezeka, ndipo ndinazindikira kuti akuseka. Kuseka kunatha msanga atakumbukira mbali yawo.

"Choipa n'chakuti pafoni paja ndavomera. Ndati n'zochepa, amayi, musathokoze. Ndawonjezanso vesi." Anapuma mozama. "Katenge beseni ndi kapu."

Anagawa okha, akuwerenga makapu mokweza, kapu iliyonse akuisalaza ndi chala. Atafika theka anaima, anayang'ana, n'kuwonjezera imodzi akung'ung'udza.

"Ndipo zosinthana matumba ngati mbava ayi. Apolisi akakupeza pakhonde la mwini m'mamawa udzati chiyani? Ukanene wekha, pakamwa pakopo."

Lachisanu ndinanyamuka dzuwa litangotuluka. Mumtima ndinali ndisanasiye maganizo osintha matumba aja. Ndinkati ndikapeza makatani ali otseka, ndiye kuti Mulungu wandichitira chifundo.

Makatani anali otsegula. Bulangete lathu linali litayanikidwa pampanda, lochapa bwino. Amayi aja anali pampando wawo, ndipo zitsulo ziwiri zija zinali pafupi ndi mapazi awo, zitaikidwa moyandikana ngati nsapato.

Ndinatsika, ndinavula chipewa, ndinanjuta.

"Wauka bwanji, mwana wa ku Malawi?"

"Ndadzuka bwino, amayi, kaya inu."

"Ine nauka na njala." Analoza zitsulo ndi chala chakuphazi. "Nesi wanjala sayembekeza masiku atatu. Ninatsegula pa Chiwiri pamene paja, iwe ukalibe kufika na pakona. Madzi anali pa moto. Manje niuze, ku Malawi izi muphika bwanji?"

Ndinafotokozanso, kachiwiri m'masiku awiri, maso ali pa udzu. Ndinanena za kwathu, za kaliyala, za anthu ovala zothina aja. Nditafika pa zokankha njinga mpaka ku Woolwich poopa thukuta, amayi anaseka mpaka kutsokomola. Mzungu wa fulati yoyandikana anasuzumira pawindo ali ndi mantha, ndipo iwo anamukupizira dzanja n'kumuuza m'Chingerezi kuti si matenda, ndi mwana uyu.

Atapukuta misozi ndi chitenje, nkhope yawo inasintha.

"Koma mvera. Masiku atatu nadya mabisiketi na tiyi. Munthu wa shuga. Uja mayi ninamuuza kuti asabwere, ndipo ninachita nsoni kumuimbiranso. Ukananiuza chabe kuti amayi, umu muli nsimbi, nikanaseka, nikanadya."

"Ndinalakwa, amayi. Mundikhululukire."

"Ulemu wako uzapha munthu tsiku lina."

Zinali zoona. Koma panali chinthu chimodzi chomwe chinkandivuta, ndipo ndinalimba mtima.

"Amayi, ngati munatsegula Lachiwiri, bwanji dzulo munawathokoza amalume?"

"Amalume ako niwadziwa. Lokidauni ikalibe kuyamba ninawaona na maso anga atuluka m'shopu na thumba pa phewa. Nikanapempha, akananiuza kuti unasila. Koma munthu ukamuyamika, sangabweze." Anatambasula khosi kuyang'ana pakaliyala. "Ni wambiri bwanji?"

"Theka, ndi kapu imodzi."

"Iyo kapu inawawa. Masula."

Ndinamasula mphira, iwo analowa m'nyumba, ine n'kuika ufa pakhonde. Ulendo uno anandiuza kuti nditsegule thumbalo iwo akuona pawindo, nditape pang'ono, ndiwaonetse m'manja. Atakhutira anatuluka. Botolo la mankhwala sanalikhudze. Ananyamula thumbalo ndi manja awiri ngati khanda.

Ndinafunsa ngati ndingatenge zitsulo za amalume.

"Izi zikhala. Uwauze abwere atenge okha, na mendo, azinyamule mpaka ku Thamesmead. Mimba ija niiona pa foni tikamapemphera."

Analowa, n'kukankha chitseko ndi phazi. Ine ndinatsala chinjutire kunja kwa mpanda, chipewa chili m'manja, chifukwa anali asananditsanzike. Patapita nthawi windo la kukhitchini linatseguka.

"Ukali pano? Nsima sinikupatsako. Pita."