Wogawa Sasankha

Ndikukumbukira kuti ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene amayi anandisiya kwa amalume ku Mitundu. Amayi anali namwino, ndipo boma linali litawasamutsira kuchipatala china chakutali kumene kunalibe sukulu yapafupi. Inali nthawi ija zipani zitangochuluka kumene, pamene aliyense pamsika ankakamba za ndale mokweza mawu. Ine za ndalezo sizinkandikhudza. Chinkandiwawa n'chakuti ndinali mlendo, wachibwibwi, ndipo anyamata a kusukulu ankangodikira kuti nditsegule pakamwa kuti apeze choseka.

Amalume anali mphunzitsi wa masamu kusekondale, munthu wosakwatira, wowonda, wa magalasi omanga ndi ulusi mbali imodzi. M'nyumba mwawo munalibe katundu woti n'kudzitama naye, kupatula kompyuta imene anawasiyira mzungu wina amene ankaphunzitsa naye pamene ankabwerera kwawo. Inali itasanduka yachikasu ndi ukalamba, ndipo ankaifunditsa chitenje poopa fumbi. Aphunzitsi anzawo ankadziwa kuti amalume amalembapo mayeso. Chimene sankadziwa n'chakuti mkati mwa kompyutayo munali nkhondo ya mumlengalenga.

Inali gemu ya anthu a m'tsogolo amene anasamuka padziko lino n'kukakhala pa mapulaneti ena. Umayamba ndi pulaneti imodzi, n'kumalima, kukumba migodi, kumanga mafakitale ndi zombo zankhondo, mpaka utakumana ndi mdani. Sinali gemu yothamanga. Inkaseweredwa mosinthana ngati bawo: umaganiza mmene ungafunire, kusuntha zombo zako, kenako n'kudina batani lopereka mpata kwa mnzako.

Koma amalume kusewera kokha sikunkawakwanira. Anatulukira kuti malamulo a gemuyo ali m'mafayilo a mawu ndi manambala amene munthu ukhoza kutsegula n'kusintha. Ankati amene anapanga gemuyi sanagonepo ndi njala, chifukwa chakudya chinkangobwera ulendo uliwonse. Iwo anasintha kuti zokolola zizibwera kamodzi, kenako papite nyengo yaitali yodya za m'nkhokwe. Ukathamangira kumanga zombo osasunga chakudya, asilikali ako ankafooka adani asanafike n'komwe. Ndinkawayang'ana atasendeza magalasi pamphumi, akusintha nambala imodzi, kuyesa, kupukusa mutu, kubwereranso. Sindinaonepo munthu wodekha chotero, ndipo ndinkafunitsitsa kudzakhala ngati iwo.

Mnzanga woyamba ku Mitundu anali Rashidi. Kwawo kunali ku Nathenje, kumene bambo ake anali ndi sitolo ya nsalu, ndipo Loweruka lililonse ankabwera nawo pa matola kudzagulitsa zitenje pamsika wa Mitundu. Tsiku lina amalume ananditumako kukagula ulusi. Mawu anandikanirira pakhosi, koma Rashidi sanaseke kapena kundimalizira chiganizo. Anangodikira. Kuyambira pamenepo, masana makasitomala akayamba kuchepa, bambo ake ankamulola kubwera kwathu kudzasewera.

Popeza kompyuta inali imodzi, amalume anaika lamulo: ikakhala nthawi ya mnzako, umatembenuza mpando n'kuyang'ana khoma kuti usaone kumene akubisa zombo zake. Pakhomapo panali kalendala yakale ya kampani ya feteleza, ndipo mpaka lero ndikhoza kukujambulirani mlimi amene ankamwetulira pamenepo. Kumbuyo unkangomva mabatani akulira ndi Rashidi akuimba chapansipansi pofuna kukuopseza. Sabata yonse ndinkapirira za kusukulu podziwa kuti Loweruka likubwera.

Patchuthi amalume anandiphunzitsa kutsegula mafayilo aja. Ndinasangalala kwambiri moti ndinaganiza zopanga gemu yangayanga. Ndinafufuta mayina achizungu, pulaneti imodzi n'kuitcha Mitundu, ina Nathenje, ndipo mwezi wa nkhalango ndinautcha Dzalanyama. Kenako ndinayamba kugawa manambala. Mitundu ili ndi dothi labwino, choncho ndinaipatsa zokolola zambiri. Msika wake ndi waukulu, choncho mafakitale ake azigwira ntchito msanga. Dzalanyama ili kufupi ndi ife, choncho ndinaiika pakhomo penipeni pa Mitundu. Nathenje ndinaipatsa zombo zothamanga chifukwa cha maminibasi a pamsewu wa tala, ndipo ndinadziona kuti ndine munthu wowolowa manja.

Loweruka litafika, palibe anafunsa kuti ndani atenga mbali iti. Ine wa ku Mitundu, iye wa ku Nathenje. Poyamba Rashidi anaseka kwambiri ataona dzina la kwawo lili pakati pa nyenyezi, koma kusekako sikunakhalitse. Anagonja tsiku limenelo, Loweruka lotsatira anagonjanso, ndipo anasiya kuimba kuja. Ulendo wina, nyengo ya njala itamupezanso nkhokwe zili mbee, anaimirira gemu ili mkati n'kuvala kofia yake.

"Bola ndizikathandiza ababa kupinda nsalu," anatero. "Kumeneko ndimaona chimene ndikugwira."

Loweruka lotsatira sanabwere. Ndinakhala pakhonde mpaka matola a ku Nathenje anadutsa atadzaza mitolo, ndipo ndinamuona ali pamwamba, nkhope atalozetsa kwina. Ndinalira, sindibisa. Ndinauza amalume kuti Rashidi ndi munthu wosafuna kugonja, basi.

Amalume anavundukula kompyuta, n'kutsegula fayilo yanga, ndipo anandifunsa za nambala iliyonse. Ine ndinali ndi yankho pa iliyonse: dothi, msika, nkhalango. Ankangogwedeza mutu, ndipo anati ntchito ndinaigwira bwino, palibe pamene gemu ikukanirira, komanso zifukwa zanga zonse n'zoona. Ndinagona mtima uli m'malo, ndikuganiza kuti mlandu ndawina.

Loweruka linalo anavala jekete yawo ya kutchalitchi n'kunditenga kumsika. Anagula mzimbe umodzi wautali, kenako analunjika pa benchi ya bambo a Rashidi. Anapatsana moni mwaulemu wonse, kufunsana za kunyumba ndi za malonda, ndipo pamapeto amalume anapempha kuti awabwereke mnyamatayo masana amodzi okha. Munthu wamkulu, mphunzitsi wa sekondale, kuchita kupempha chifukwa cha masewera a ana! Bambo a Rashidi anaseka n'kumukankha mwana wawo paphewa kuti azipita.

Titafika kunyumba, amalume anandipatsa mzimbe ndi mpeni, n'kunena kuti ndidule pawiri, Rashidi asankhe. Mwana aliyense amaudziwa mwambo umenewo. Ndinawerenga mfundo, ndinakumbukira kuti kutsinde kumatsekemera kuposa kunsonga, ndipo ndinadula mosamala kuti mbali ya kunsonga italikirepo. Rashidi anatembenuza zidutswa ziwirizo kwa kanthawi asanasankhe.

"Wadula bwino, Limbani," anatero amalume. "Nanga mapulaneti aja anadula ndani?"

"Ine, amalume."

"Anasankha ndani?"

Pamenepo ndinazindikira kuti wodula ndi wosankha ndinali ine ndemwe.

Amalume anatikhazika pa kompyuta n'kunena kuti kuyambira tsiku limenelo, wosintha malamulo a gemu sasankha mbali. Rashidi sanachedwe n'komwe. Analoza Mitundu, kwathu kwenikweni, akumwetulira ndi mzimbe m'kamwa.

Masana amenewo ndinaidziwa Nathenje imene ndinapanga ndi manja anga. Zombo zothamanga zija zinkathamangadi, koma ndi njala. Ndikamanga nkhokwe, ndinalibe zida. Ndikamanga zida, anthu ankafooka. Ndikafika ku Dzalanyama ndinkapeza Rashidi atamangako kale linga. Ndinkatembenukira kukhoma kukayang'anizana ndi mlimi wa feteleza uja, kumbuyo nyimbo itayambiranso. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Chinandidabwitsa n'chakuti Rashidi anapirira Maloweruka onse aja, pamene ine masana amodzi okha ndinafuna kugenda kompyuta.

Amalume sanandiuze manambala oti ndiike, ngakhale ndinawachonderera. Anati mpeni uli m'manja mwanga. Sabata imeneyo ndinachotsa zambiri ku Mitundu n'kuunjikira Nathenje, ndipo Loweruka Rashidi anangowerenga pang'ono n'kusankha Nathenje, n'kundikwapulanso. Amalume anaseka mpaka kuvula magalasi. Anati kupepesa ndi kugawa bwino ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Ndinabwereranso ku fayilo. Ndinaphunzira kusewera mbali zonse ziwiri ndekha, kusintha nambala imodzi yokha n'kuyesa, monga ndinkawaonera iwo. Dzalanyama ndinaikankhira pakati. Mitundu ndinaisiyira zokolola zake koma zombo zake zikhale zolemera, zochedwa. Nathenje ndinaipatsa mwayi wogula chakudya kwa amalonda odutsa, poti ndi mmene anthu a pamsewu amakhalira. Zinanditengera masabata angapo, ndipo Loweruka lililonse Rashidi ankabwera, kusankha mosavuta, n'kundionetsa pamene pakadali polakwika.

Ndiye linafika Loweruka lina, mvula yoyamba itangogwa, fungo la dothi likulowera pawindo. Rashidi anakhala pampando, anawerenga za Mitundu, anawerenga za Nathenje, anabwereranso ku Mitundu. Anavula kofia n'kukanda m'mutu. Anatambasula chala kenako anachibweza. Amalume, amene ankachonga mayeso patebulo, anaika cholembera pansi n'kumangomuyang'ana.

"Ndiye nditenge iti?" Rashidi anafunsa, atakwiya pang'ono.

Amalume anatembenukira kwa ine. "Wamva? Tsopano wamaliza."

Sindikukumbukira amene anapambana tsiku limenelo. Ndikukumbukira kuti tinasewera mpaka bambo a Rashidi anachita kubwera okha kudzamutenga, matola akuimba hutala kumsewu.

Amalume anatisiya kalekale, ndipo kompyuta ija inafa iwo asanafe. Rashidi ndi amene akuyendetsa sitolo ya ku Nathenje tsopano, ndipo ndikaima pamenepo amauzabe ana ake kuti uyu ndi amene anafuna kupha Nathenje ndi njala. Chimene ndimawasirira nacho amalume n'chakuti sananditchule wakuba, chifukwa ankadziwa kuti sindinabe. Nambala iliyonse ndinali nayo ndi chifukwa chomveka. Tsopano ndikudziwa kuti munthu ukamagawa uku ukudziwa mbali imene idzakhale yako, zifukwa zabwino zimabwera zokha, ndipo zonse zimaloza kwanu.

Amayi atamwalira anatisiyira dimba, ine ndi mlongo wanga. Achibale anati ndigawe ine poti ndine wamkulu. Ndinayenda m'dimbamo ndi chingwe ndi zikhomo, ndikuganizira kumene kuli chitsime, kumene kuli nthochi, kumene madzi amadikha. Nditamaliza ndinamuitana mlongo wangayo kuti asankhe. Anayenda mbali iyi, anayenda mbali inayo, kenako anaima pamalire manja ali m'chiuno, nthawi yaitali ndithu, akulephera kusankha. Ine ndinatembenuka n'kuyang'ana kumbali, kuti asaone misozi.