Nthutumba ya Amalume

Fungo la fodya wouma m'chigafa likandipeza, ngakhale lero, ndimakumbukira dzinja lomwe amalume anabwera kuchokera ku Joni. Kwathu kuseri kwa mapiri a Ntchisi mvula inali isanaleke. Manja athu ankakhala akuda ndi utomoni wa fodya, matope ofiira ali kakamire kuzidendene. Galimoto ya amalume inatitimira padambo mpaka anyamata a m'mudzi anachita kuikankha. Eniakewo sanatsike, kuopa kudetsa nsapato.

Amayi ndiwo anawalera amalumewo makolo awo atamwalira, ndipo panali patapita zaka zambiri asanaonane. Chomwe ankafuna chinali chimodzi: mlongo wawoyo adye chophika manja awo, adziwe kuti akadali mwana wa pakhomo. Anapha thadzi lawo loikira, n'kuphika mpunga, kachewere ndi nkhwani wotendera. Kwathu mlendo ukamuphera nkhuku, nthutumba imakhala pamwamba m'mbale mwake. Ndicho chizindikiro chakuti nkhukuyo yafera iye, si makombo adzulo.

Koma amalume anali atagwirako ntchito kuhotela, ndiye kudya wamba kunali kutawachepera. Anatulutsa mabotolo awiri ndi matambula amiyendo yaitali ngati akakowa. Botolo loyamba linali la vinyo wofiira amene, akuti, anali wamkulu kuposa ine. Ndinadabwa kuona munthu wandevu akunyadira chakumwa chogonera, chikhalirecho ife thobwa likasasa tinkapatsa nkhumba. Anazunguza tambula, kulowetsamo mphuno, kutsinzina, kuchukucha m'kamwa, kenako lavu! pakhonde lomwe amayi anazira m'mawa womwewo. Ankati akumvamo fungo la chikopa ndi utsi, ngati kuti zimenezo n'zosowa kumudzi. Abambo, mkulu wa mpingo amene vinyo ankamulawa pa Mgonero pokha, anangoti maso kudenga.

"Achimwene, idyani, zikuzizira," anatero amayi.

"Dikirani alongo, lilime liyambe latseguka."

Botolo lachiwiri linaphulika ngati mfuti, nkhuku pabwalo balala, thovu n'kutayikira mu nkhwani. Anandilawitsa kadontho. Kanali kowawasa, kothetheka m'mphuno, koposedwa ndi chakumwa chilichonse cha pagolosale. Phokoso lonse lija, zake zomwezo! Pomaliza amalume anavundukula mbale yawo, chakudya chitazizira kale. Anabaya nthutumba ndi foloko yomwe anabwera nayo, n'kuitembenuza uku ndi uku atakwinya mphuno.

"Vinyo uyu sayenda ndi zam'kati," anatero, n'kuiponyera galu.

Amayi anaimirira, anamanganso chitenje, napita kukhitchini. Masiku otsalawo anawaphikirabe mosajomba, koma ankatuma ine kukatula chakudya patebulo, chovundikira bwino, pamodzi ndi madzi osamba m'manja. Iwo sanakhalenso nawo pansi kuti acheze. Anthu akafunsa, ankangoti, "Tili ndi alendo." Amalume, katswiri wonunkhiza uja, sananunkhize kanthu. Anachoka akuyamikira ulemu wa kumudzi.

Ine panthawiyo ndinakwiyira nthutumbayo basi. Ana sitinkailawa, ndiye kuiona ikumezedwa ndi galu kunandiwawa mpaka misozi. Ndakula tsopano, vinyo ndamumwako, wina ngwokoma ndithu, ndipo amalumewo ndimawapeputsabe mpaka lero. Koma zinanditengera nthawi kuzindikira kuti pamene ine ndinkalira kanyama, amayi ankalira maliro a mlongo wawo, mwiniwake ali moyo, akuzunguza tambula pampando wathu.