Masaka a Pansi pa Masitepe

Pamzere wa nyumba za lendi onse ankawatchula kuti a Makoko, chifukwa m'mawa uliwonse ankazungulira makomo ndi chidebe chabuluu kutolera makoko a mbatata ndi nthochi. Kale anali wosesa pasukulu, zaka makumi awiri akumvera sayansi pawindo tsache lili m'manja. Tsopano kuseri kwa chipinda chawo anali ndi bokosi la nyongolotsi, nkhuku zinayi ndi masaka a ndiwo obiriwira mochititsa kaduka.

Mayi wachitsikana wa m'chipinda chakumapeto ankawadutsa chapatali. Iye ankaopa zonse: ntchentche, mphepo, chifuwa cha mwana wa aneba. Koma sikelo ya ana kuchipatala ndiyo ankaiopa koposa. Miyezi iwiri mwana wake wa miyezi isanu ndi itatu sanakwere, ndipo anesi anati mzere wa pakhadi ukapanda kudzuka adzamugoneka m'chipatala. Anamulangiza masamba ndi mazira, za mwana ndi za iye woyamwitsa.

Mayiyo anadzala ndiwo m'masaka atatu, n'kuwabisa pansi pa masitepe kuopa mbuzi. Ankathirira kawiri patsiku, manyowa osaumira, koma ndiwozo zinatuluka zachikasu, zowonda ngati ulusi.

Tsiku lina a Makoko anamupeza atanjuta pamenepo, maso ofiira.

"Mwana wanga, ndiwozi zinalakwanji kuti uzitsekere m'ndende?"

Iye anayankha kuti amazidyetsa kuposa mmene amadyera mwini wake. A Makoko anaseka mpaka chidebe chinagwedera.

"Manyowa ndi kamchere chabe. Chakudya chenicheni tsamba limadziphikira lokha, ndipo moto wake ndi dzuwa."

Mayiyo anakumbukira mivi ya pabolodi m'phunziro la sayansi ali Fomu 2, imene ankangoikopera osaimva. A Makoko anamutengera kuseri kwawo kukamuonetsa mivi yamoyo. Anati dzuwa limalowa m'tsamba, zotsala za tsamba zimadyedwa ndi nyongolotsi, nyongolotsi ndi nkhuku, nkhuku n'kuikira dzira. Koma panjira mphamvu imatayika, nkhuku imaimaliza pothamanga ndi kutetera, motero wakumapeto kwa mzere amangolandira zochepa.

"Nanga kwanu wakumapeto ndani?"

Mayiyo anacheukira mwana wake kumbuyo. Pakhomo pake amayamba kudya ndi bambo a mwana, kenako mlamu wake, iye n'kumakokota mphika. Ndipo mwanayo ankayamwa kwa wokokota mphikayo.

Mayiyo anakokera masaka ake aja kukhoma kumene dzuwa limafikira, n'kuwatchinga ndi waya wakale. Podikira kuti abiriwire, m'mawa uliwonse a Makoko ankalandira makoko ake n'kumusiyira masamba ndi mazira awiri. Akati azikana, iwo ankati si mphatso ayi, ndi makoko ake omwe abwerera kwawo atavala zina.

Tsiku loyamba mwamuna wake anatambasula dzanja mwachizolowezi kuti atenge mazirawo. Mayiyo anasuntha mbale, dzira limodzi n'kulifinyira m'phala la mwana, linalo n'kulidya akumuyang'ana.

"Ee, m'nyumba muno mwalowa boma latsopano," anatero bamboyo akukanda kumutu. Mawa lake anabwera ndi nthochi.

Patsiku la sikelo, mwana atapachikidwa m'kakabudula koyezera ana, mayiyo anatseka maso. Atawatsegula, muvi wa sikelo unali utadutsa pakale, pang'ono pokha koma utadutsa. Anesi anajambula mzere wokwera.

Pobwerera anapeza a Makoko akuthirira masaka ake, amene tsopano anali atada ndi kubiriwira. Anangomuona nkhope, n'kugwira kaphazi ka mwana.

"Ndiye dzuwa lija lafika, eti?"