Mwana Amene Anatsala Yekha M'kalasi

Mtsikanayu anali ndi zaka zinayi pamene anagwa kusukulu ya mkaka. Anagwa pamkeka anzake akuimba, thupi likunjenjemera, thovu lili kukamwa. Ana onse anathawira panja akulira.

Sukuluyo inali chipinda chimodzi kuseri kwa msika, kumene amayi ogulitsa malonda ankasiyako ana. Kutacha, makolo anabwera chigulu. Anauza aphunzitsi kuti matenda a khunyu ndi opatsirana, choncho asankhe: mwana wakugwayo kapena ana awo onse.

Mayi ake, omwe ankachapa zovala m'nyumba za anthu, sanatsutse. Mwamuna wawo anali atawathawa kale, ati kumtundu kwawo kulibe matenda otere. Mayiwo anangoti azimutsekera mwanayo m'nyumba akamapita kuntchito.

"Nanga akagwera pambaula, adzamuona ndani?" anafunsa aphunzitsi. "Mawa mubwere naye."

Anabwera nayedi, koma m'kalasi munalibe mwana wina aliyense. Aphunzitsi anayala mkeka n'kumaimba naye awiriwiri nyimbo za gulu. Miyezi inapita choncho. Pamsika anthu anasiya kuwapatsa moni aphunzitsiwo. Mwanayo akafunsa kuti anzake ali kuti, ankangomuuza kuti akubwera.

Aphunzitsi anaperekeza mayi ake kuchipatala, mwana anayamba kumwa mankhwala. Kugwa kunachepa, koma sikunathe.

Tsiku lina mwanayo anagwera pakhomo pa sukuluyo, msika wonse ukuona. Aphunzitsi anamugoneka cham'mbali n'kumupukuta thovu ndi dzanja lawo. Mayi wina wogulitsa makala ananong'oneza anzake kuti adikire, aona aphunzitsiwo akugwa nawonso. Anadikira mpaka kutopa. Mapeto ake iyeyo ndiye anayamba kubweza mwana wake kusukuluko, ati watopa n'kubereka, msana wake si mpando. Ena anatsatira. Ena sanabwerenso.

Mtsikanayo anakula movutika. Mankhwala ankamugonetsa m'kalasi, anabwereza kangapo, ndipo dzina loti Wakugwa linamumatirira. Aphunzitsi aja anamwalira iye asanamalize sukulu.

Lero ndi telala, ali ndi mashini ake ndi atsikana awiri amene akuwaphunzitsa kusoka. Amagwabe nthawi zina. Akatsitsimuka amamwa madzi, kenako amabwerera pansalu imene anaisiya.

Inu amene mukulera mwana wotere, musamubise. Anthu adzalankhula, ena adzakuthawani, ndipo zidzawawa. Osataya mtima. Musambitseni mwanayo, mum'gwire dzanja, akakhale pakati pa anzake.